Za Nthenda ya Maso Ofiira, ndi Njira Zimene Iyendamo

Mu mwezi wa February, chaka cha 2024, anthu a ku Karonga anayamba kudzuka m'mamawa ndi maso ofiira ndi otupa, zikope zao zitamatana ndi manthongo. Mwezi wa January nthenda yomweyo inali itasautsa anthu ambiri a ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, ndipo mudziwa inu nonse kuti Karonga ali pa njira ya amalonda opita ndi kubwera kumeneko. Isanapite miyezi yambiri nthendayo inalowa m'maboma ambiri, nifika ndi kuno ku Blantyre. A ku Mozambique, a ku Kenya ndi a ku Uganda anaiona chaka chomwecho. A m'tauni anaitcha ndi dzina la Chingerezi, pink eye. Ife m'phunziro lino tidzaitcha nthenda ya maso ofiira. Mliri umenewo unapita, koma nthenda yotere ibwera ndi kubweranso. Chifukwa chache tilembera inu a ku Chitawira, Naperi, Nkolokosa ndi Zingwangwa, kumene nyumba ziri zothinana, ndi inunso a ku midzi amene muli ndi ana ndi abale m'tauni muno, obwera kwanu pa tchuthi ndi pa maliro.

Tiyambe ndi diso lenilenilo. Pamwamba pa choyera cha diso, ndi m'kati mwa zikope, pali kachikopa kopyapyala koposa ka anyezi, koonekera ngati madzi. M'kachikopamo muli timitsempha ta mwazi tambirimbiri, tating'ono kotero kuti pa diso labwino sitioneka. Chinthu chikakabvuta kachikopako, timitsemphato titupa ndi kudzala mwazi, ndipo diso lifiira. Pamenepo munthu amva ngati mwalowa mchenga m'maso, misozi ingotuluka, zikope zilemera, ndi kuwala kwa dzuwa kumpweteka. Nthawi zina kamtsempha kaphulika, ndi mwazi ukhala pa choyera cha diso ngati banga. Chimenechi chiopsa poyang'ana, koma mwaziwo uzimirira wokha m'masabata awiri kapena atatu. Chofunika kuchigwiritsa ndi ichi: kachikopa kameneka si ndiko kapenya. Kuwala kulowa m'diso kudzera pa galasi la pakati, lophimba chakuda cha diso. Galasilo likakhala bwino, munthu adzapenyanso monga kale nthenda itatha. Likachita chironda, atsala ndi chipsera moyo wache wonse.

Zofiiritsa maso ziri za mitundu itatu, ndipo sizilingana. Mtundu woyamba, umene uchititsa miliri, ndiwo tizirombo totchedwa vairasi, abale a tija tidzetsa chimfine. Tiri tating'ono kotero kuti makina okuza zinthu amene apimira mwazi wa malungo satha kutionetsa. Iti titulutsa misozi yamadzimadzi; tiyamba diso limodzi, ndi pakutha tsiku kapena masiku awiri tilowa linzache; kawirikawiri patsogolo pa khutu patuluka kamwanabere. Mtundu wachiwiri ndiwo tizirombo totchedwa bakiteriya, topanga mafinya achikasu okhuthala, amene abweranso mukangowapukuta. Mtundu wachitatu ulibe kachirombo konse. Pali anthu, makamaka ana, amene maso ao adana ndi pfumbi, utsi ndi mungu wa maluwa. Maso onse awiri ayabwa kwambiri, chaka ndi chaka, ndipo choyera cha diso chidetsedwa ngati dothi. Mtundu uwu supatsirana. Mwana wotere musamchotse pa sukulu, kapena kumdyetsa payekha; mungomsautsa chabe.

Nthenda ya mliriyi si yakale kwambiri. Madotolo anaizindikira poyamba m'dziko la Ghana chaka cha 1969. Chaka chomwecho, mwezi wa July, anthu a ku America anakatera ku mwezi pa ulendo wotchedwa Apollo 11. Ndipo a ku Ghana, poona zachilendo ziwiri zitadza pamodzi, anati opita kumwamba aja ndiwo abwera nayo, naitcha Apollo, dzina limene liripo kufikira lero ku Ghana ndi ku Nigeria. Tisawaseke, ifenso nthenda yachilendo ikadza tifunafuna woiloza. Pofika chaka cha 1971 inali itafika ku India ndi ku Japan. Kachirombo kache anakatcha Enterovirus 70, ndipo mnzache, wotchedwa Coxsackie A24, anaoneka ku Singapore chaka cha 1970. Awiriwa ali ndi liwiro: munthu agwidwa lero, mawa kapena mkuja maso afiira, ndipo pakutha sabata limodzi kapena awiri achira. Pali wina, Adenovirus, woyenda pang'onopang'ono. Iye abisala m'thupi masiku 5 kufikira 12 asanaoneke, achedwa kuchoka, ndipo akhoza kukhala wamoyo pa chitseko kapena pa tebulo masabata angapo.

Dzanja ndilo mtengatenga

Tsono nthendayi ichoka bwanji m'diso la wina ndi kulowa m'diso la mnzache? Iribe mapiko, iribe miyendo. Tizirombo tiri m'misozi ndi m'manthongo, ndipo tiyembekeza wotinyamula. Wotinyamulayo ndiye dzanja.

Tiyerekeze chotere. Bambo wina achokera ku nchito ku Limbe, nakwera minibasi. Patsogolo pache panakwera munthu wa maso oyabwa, amene anatikita diso lache, nagwira chitsulo cha pakhomo pokwera. Bamboyo agwira chitsulo chomwecho, alandira chenji, ndipo pfumbi likamlowa m'maso atikita ndi chala. Iye sadziwa kanthu. Mkuja mwache adzuka diso liri psuu. Asamba kumaso, napukuta ndi thaulo lopachikidwa pa msomali, ndilo thaulo la nyumba yonse. Mkazi wache apukuta nalo pambuyo pache. Masana maiyo aona mwana wa kumbuyo ali ndi mamina, nampukuta ndi nsonga ya chitenje imene anapukuta nayo maso ache a iye mwini. Usiku ana atatu agona pa mphasa imodzi ndi mtsamiro umodzi. Wamkulu apita ku sukulu, nabwereka mnzache cholembera, ndipo akhala anai pa benchi ya awiri. Lisanathe sabata nyumba yonse iri ndi maso ofiira, ndi nyumba zina zitatu ziyamba. Werengani nkhaniyi kachiwiri, ndipo mudzaona kuti pa khomo liri lonse nthendayo inachita kunyamulidwa, ndi dzanja kapena ndi nsaru.

Pali chinthu chimodzi cha mwambo wathu chimene tiyenera kuchinena, ngakhale ena sadzakondwa. Ndicho mbale ya madzi osamba m'manja pa nsima. Iyamba kwa bambo, nipita kwa alendo, nitsirizira kwa mwana wamng'ono, amene asamba m'litsiro la onse. Ulemu wa kuyamba ndi akulu ngwabwino, ndipo sititi muutaye. Koma madzi achite kuthiridwa kuchokera m'jagi kapena m'chikho, ndi mbaleyo ikhale yolandira madzi akuda pansi. Ambiri anaphunzira kutero m'chaka cha 2020, ndi pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023. Tiona kuti ena abwerera ku mbale ija mantha atatha.

Dziwaninso kuti tizirombo ta mtundu wa vairasi sitikhala m'maso mokha. Tikhalanso pa mmero ndi m'matumbo. Chifukwa chache wodwala akayetsemula pafupi ndi nkhope ya mnzache akhoza kumpatsira, ndipo wotuluka m'chimbudzi wosasamba m'manja atinyamula.

Mungafunse kuti, Nanga si kuti munthu aitenga poyang'anizana ndi wodwala? Iai ndithu. Mau amenewa amveka m'maiko ambiri, koma ali onama. Kupenya sikutulutsa kanthu m'diso. Mungayang'ane wodwala tsiku lonse muli chapatali, osadwala. Magalasi akuda ali ndi nchito yao: achepetsa kuwala kopweteka, ndipo atsekereza chala panjira yopita ku diso. Koma wobvala magalasi amene apatsa anthu moni wa m'manja osasamba afalitsa nthenda monga wosabvala. Ndipo magalasi obwerekana, kapena oyesa pa msika atayesa anthu khumi, ndiwo msampha weniweni.

M'nyumba mukalowa nthenda

Wodwala akhale ndi thaulo lache, kansaru kache, mtsamiro wache ndi beseni lache. Ngati nkutheka agone payekha. Nsaru zache zichapidwe ndi sopo m'madzi otentha tsiku ndi tsiku, ndi kuyanikidwa pa dzuwa, zisaunjikidwe pamodzi ndi za ena. Potsuka maso tengani madzi owiritsa ndi kuziziritsa, ndi thonje kapena kansaru koyera. Pukutani kamodzi kuchokera ku mphuno kunka ku khutu, nimutaye thonjelo. Diso liri lonse likhale ndi thonje lache. Kansaru konyowa ndi madzi ozizira, koikidwa pa zikope zotsinzina, kachepetsa kutupa ndi kuyabwa, ndipo panado athandiza kupweteka kwa mutu. Wosamalira wodwala asambe m'manja asanayambe ndi atatha, ndi sopo, kufikira m'kati mwa zala ndi m'zikhadabo, nthawi yokwana kuwerenga mosafulumira kuyambira 1 kufikira 20. Mankhwala aja opaka m'manja popanda madzi alibe mphamvu yambiri pa tizirombo iti. Sopo ndi madzi oyenda ziposa. Zogwirira zitseko, tebulo ndi mpopi zipukutidwe ndi madzi a klorini; foni ya wodwala asaigwire ana. Atsikana asabwerekane zopaka m'zikope.

Tidziwa kuti wina adzati, Mulankhula za madzi ambiri, koma kwathu mpopi uuma masiku awiri, ndipo ndowa iri yonse tigula. Nzoona. Koma kusamba m'manja sikufuna ndowa. Kachigubu kopachika pa mtengo, koboola pang'ono ndi kukoka ndi chingwe cha ku phazi, kamene ambiri akatcha mpondagiya, kasambitsa banja lonse tsiku lathunthu ndi madzi ochepa, ndipo palibe dzanja likagwira. Ndipo tisaiwale chimene dziko lino linachita ndi nthenda ina ya maso yotchedwa trakoma, imene inachititsa khungu anthu ambiri ku Chikwawa, Nsanje, Mchinji ndi Kasungu. Iyo iyenda ndi manja, nsaru ndi nchenche zotera pa nkhope za ana. Ndi mankhwala, ndi opaleshoni ya zikope, ndi zimbudzi, ndi kusambitsa ana kumaso, inagonja. Ndipo mwezi wa September 2022 bungwe la WHO linabvomereza kuti Malawi waithetsa monga bvuto la anthu onse, dziko loyamba kutero kum'mwera kwa Afrika. Amene anasambitsa ana amenewo anali amai a m'midzi yotunga madzi kutali.

Za ku misonkhano tinene mwachidule. Mwana wa maso otuluka misozi ndi manthongo akhale kunyumba kufikira aleka kutuluka, ndipo aphunzitsi asamuyese wothawa sukulu. Wamkulu wodwala asachite manyazi kukana dzanja la mnzache pa khomo la tchalitchi kapena pa maliro. Kuomba m'manja ndi kuwerama ndiwo moni wa makolo athu, ndipo ukwanira. Buku la nyimbo asapatsirane naye masiku amenewo.

Zimene zichititsa khungu

Apa tifika pa mau olemera a phunziro lino. Nthenda ya mliriyi payokha sichititsa khungu kawirikawiri. Palibenso mankhwala opha vairasi ameneyu. Thupi limgonjetsa lokha. Koma munthu wa maso otupa alibe mtima wodikira, ndipo pa mpanda pali mnansi wodziwa mankhwala. Wina ati thirani mkodzo wa m'mamawa. Wina ati mkaka wa m'mawere. Wina madzi a mandimu, kapena a shuga, kapena a mchere wambiri, kapena masamba otikita, kapena fodya. Wodwala athira, ndipo pakutha sabata achira, monga akadachira ngakhale osathira kanthu. Pamenepo mankhwalawo atchuka. Za amene sanachire sizimveka pa mpanda. Zimveka ku chipatala cha maso. Pa mliri wa 2024 akulu a zaumoyo a ku Mozambique analengeza za anthu amene anachita khungu, ndipo anati chinawapha maso ndicho zimene anathiramo.

Taonani chifukwa chache. Mandimu ndi utomoni wa zitsamba ziocha galasi la diso. Yense anadonthedwapo ndi utomoni wa nkhadze adziwa. Masamba ndi mizu zidza ndi nkhungu ya m'nthaka, imene ikalowa pa galasi lokalika imera monga imera pa nsima yogona. Shuga adyetsa tizirombo. Ndipo mkodzo uposa zonse kuopsa, pakuti ngati mwini wache ali ndi chinzonono, ngakhale chosaoneka, kachirombo kache kakhoza kuboola galasi la diso m'masiku awiri okha. Chaka cha 1994 madotolo a maso ogwira nchito ku Chikwawa anaonetsa kuti mwa anthu odza ndi nthenda za pa galasi la diso, mmodzi mwa atatu anali atathira mankhwala a zitsamba asanafike ku chipatala. Pambuyo pache asing'anga ambiri a kumeneko anaphunzitsidwa, nabvomera kutumiza odwala maso ku chipatala. Ndipo tiwalemekeza chifukwa cha ichi. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pa nthenda iyi kudekha sabata limodzi ndiko mankhwala.

Pali msampha winanso umene ugwira ophunzira koposa osaphunzira: timabotolo ta madontho togula popanda kuonana ndi dotolo. Tina mwa ito tiri ndi mankhwala a mtundu wa steroid, monga dexamethasone. Awa ayeretsa diso msanga, ndipo wogula akondwa; koma ngati pa galasi pali kachironda, achikulitsa, ndipo akathiridwa nthawi yaitali akweza mphamvu ya madzi a m'kati mwa diso kufikira mtsempha wopenyera ufa mosamveka. Mafuta a tetracycline ndi madontho a chloramphenicol athandiza pa bakiteriya pokha. Pa vairasi sachita kanthu. Wakupimani ndiye anene ngati muwasowa. Ndipo mukapatsidwa, mlomo wa botolo usakhudze diso, ndi botolo limodzi lisazungulire nyumba yonse, pakuti likatero lisanduka thaulo lija la pa msomali.

Komabe pali nthawi imene kudikira kuli kulakwa. Pitani ku chipatala tsiku lomwelo ngati diso lipweteka m'kati mwache, osati kungoyabwa. Ngati mupenya mwachimbuuzi ngakhale mutapukuta manthongo. Ngati pa chakuda cha diso paoneka kadontho koyera. Ngati kuwala kukulepheretsani kutsegula diso konse. Ngati mafinya atuluka ambiri ngati a chithupsa. Kapena ngati diso linalasidwa ndi kamtengo kapena chitsulo lisanafiire. Pitaninso ngati lapita sabata ndipo nthenda ikula m'malo mochepa. Mwana wa maso ofiira amene ali ndi thupi lotentha, chifuwa ndi totupa pa khungu akhoza kukhala ndi chikuku, ndipo asowa vitamini A msanga kuti maso ache apulumuke. Amene ali ndi HIV kapena nthenda ya shuga asachedwe monga achedwera ena. Yambani ku chipatala chaching'ono cha kwanu, monga cha Zingwangwa, Limbe kapena Ndirande; iwo akaona chobvuta adzakutumizani ku chipatala cha maso cha Lions, m'bwalo la Queen Elizabeth Central Hospital. Inu a ku Chitawira mukhoza kufikako ndi miyendo. A ku midzi asunge ndalama ya ulendo m'malo moitaya pa timabotolo. Pofika nenani zoona zonse za chimene munathira m'diso, ngakhale chiri chochititsa manyazi, pakuti dotolo asankha mankhwala monga mwa mau anu.

Chotsiriza chiri cha amai, azamba ndi agogo. Khanda losakwana masiku 28 likatupa zikope ndi kutuluka mafinya, imeneyo si nthenda ya mliri yodikira kunyumba, ngakhale nyumba yonse iri ndi maso ofiira. Kawirikawiri mwanayo anatenga kachirombo m'njira yobadwira, ndipo ngati kali ka chinzonono kaoneka pa tsiku lachiwiri kufikira lachisanu, ndi kuononga maso onse awiri mwana asanatuluke m'chikuta. Kale nthendayi inadzaza sukulu za akhungu za ku Ulaya. Chaka cha 1881 dotolo wa ku Leipzig m'dziko la Germany, dzina lache Carl Credé, anaonetsa kuti dontho limodzi la mankhwala m'diso la mwana atangobadwa liitsekereza. Ndicho chiyambi cha mafuta aja anamwino apaka m'maso a khanda m'zipatala zathu. Mwana wobadwira kunyumba kapena panjira apite nawo tsiku lomwelo akapakidwe. Ndipo ngati mafinya ayamba kale, musafinyiremo mkaka, musadikire kuti kuche bwino kapena kuti mchombo ugwe. Mwanayo asowa jekeseni, ndipo amai ache ndi atate ache ayenera kupimidwa ndi kulandira mankhwala onse awiri.